Chithunzi cha Khoma la Mbali ya Kumanda

3 Ogasiti 1991

Mlongo wanga Mwetulirani,

Moni kuchokera kuno kutali. Ine ndili bwino, alamu ako ndi ana ali bwino, ntchito ya kuchipatala ndi yomwe ija yoimirira tsiku lonse. Kaya iwe ndi mlamu wanga kumeneko? Situdiyo ikuyenda? Kalata yako yomaliza ndinailandira chaka chatha, ndiye ngati dzanja linathyoka undiuze, paja ndine namwino.

Nkhani ndi ya bambo. Dokotala wa maso wawaona kachitatu tsopano. Diso lamanzere linapita kale, limenelo tiiwale. Lamanja likuona ngati munthu wosuzumira pa kabowo ka kiyi, ndipo kabowoko kakuchepa mwezi ndi mwezi. Wandiuza mosabisa kuti mwina tifika nalo kumapeto kwa chaka, mwina ayi. Bambo ndawauza. Anangoti chabwino, n'kupempha tiyi.

Dzulo ndiye andituma kwa iwe. Akufuna chithunzi cha tchalitchi chathu chakale chija, chachikulu ngati tsamba la kalendala, chojambulidwa madzulo dzuwa litapendeka. Nditawafunsa chifukwa chake, anandifunsa ngati odwala anga amapereka zifukwa akafuna madzi. Ukuwadziwa. Ine ndikuona ngati ndi kupukwa chabe. Munthu wakhala mmisiri wa njerwa pa mishoni zaka makumi anayi, lero tamukhazika m'nyumba yosanja yomwe khoma lake ukaligogoda limalira ngati katoni.

Usazengereze. Kalata imatenga masabata awiri kuti ifike kuno, ndipo diso silikudikira.

Ndine mlongo wako wamkulu.


24 Ogasiti 1991

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndailandira ndi manja awiri, onse osathyoka. Kuno tili bwino, alamu anu akupereka moni. Za diso la bambo zandipweteka mtima. Tsiku limenelo ndinatseka situdiyo masana onse.

Chithunzi ndi chimenecho, ndachiika pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike. Ndinapitako madzulo atatu. Tsiku loyamba kunali kwaya, anthu ali mbwee pa masitepe. Lachiwiri wina anaimika njinga pakhomo penipeni n'kusowa. Lachitatu ndi limenelo: kumaso konse, nsanja ya belu, zitseko zazikulu ziwiri, ndi mwala uja wolembedwa chaka chomwe amishoni anayala maziko. Sindikudzitama, koma chimenecho ndi chithunzi.

Ndinakumananso ndi mlembi wa mpingo, uja wa tayi ngakhale kutenthe bwanji. Akuti kumapeto kwa Disembala tchalitchi chikwanitsa zaka zana, ndipo iye akulemba kabuku ka mbiri yake. Anandiimika ola lathunthu. Anandiuza za m'busa woyamba amene anabwera pa sitima ya pamadzi ndi mkazi wake ndi bokosi la mabuku a nyimbo, za njerwa zomwe akhristu oyamba ankasenza pamutu kuchokera kudambo, za belu lomwe linang'aluka m'njira mpaka anaitanitsa lina. Nditamufunsa za bambo anati dzina lawo lilimo, pa tsamba la amisiri, pakati pa kalipentala ndi wokonza mapaipi.

Muwauze bambo kuti Mwetulirani wawo, amene ankati ntchito yake ndi kuuza anthu kuti aonetse mano, nthawi zina amajambulanso njerwa.

Ndine mlongo wanu.


9 Sepitembala 1991

Mwetulirani,

Moni, tonse tili bwino. Chithunzi chafika ndipo n'chokongola, ine ndachikhoma pabalaza. Bambo anachiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu lomwe ndinawagulira, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kundibwezera. Akuti kumeneko ndi kwa alendo, aliyense wodutsa pa basi amakuona.

Usatupe, ndikukudziwa. Nditawakakamiza anafotokozako pang'ono, ndipo ndikulemba monga ananenera: "Akaime kumanda, pafupi ndi mpopi. Ayang'ane khoma lalitali. Adikire dzuwa lifike pa denga la sukulu, lisanalowe. Asamacheze ndi anthu, ndi mphindi zochepa." Ndinati kodi kumeneko kuli chiyani, poti ndi khoma chabe ndi mawindo asanu. Anati iwo akaona adziwa.

Ndisakubisire, zandiopsa pang'ono. Munthu wokalamba akayamba kufunsa za mbali ya kumanda, mtima sukhala m'malo, ndipo amayi agona komweko. Ndikuganiza kuti akufuna kuona pomwe adzagone iwo. Ngati manda a amayi angalowe m'chithunzimo, alowe.

Undiuzenso za azakhali, miyendo ija ili bwanji?

Mlongo wako.


28 Sepitembala 1991

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Azakhali ali bwino, akuyenda ndi ndodo koma pakamwa safuna ndodo. Kutupa ndinatupa, masiku awiri, kenako ndinanyamula kamera.

Bambo amadziwa zomwe akunena. Dzuwa likafika pa denga la sukulu limabwera cham'mbali n'kutsetsereka pa khoma lonse, njerwa iliyonse n'kuoneka payokha. Ndakulira pamenepo koma ndinali ndisanazionepo. Manda a amayi alowa kumanzere, m'munsi. Ndinayamba ndalambulapo.

Koma kuwala kotere n'kwamwano, achemwali, sikubisa kanthu. Ndi chimodzimodzi nkhope ya mkwatibwi, ukaiunikira cham'mbali chiphuphu chilichonse chimatuluka. Nditatsuka filimu ndinapeza waya wa magetsi utadutsa pakati, zitosi za nkhunda m'munsi mwa mawindo, ndiponso chibanga chachikulu pakati pa windo lachitatu ndi lachinayi, pomwe winawake anaika chigamba cha njerwa zosafanana ndi zinzake. Mmisiri ngati bambo sindikanawatumizira khoma lachigamba. Ndakhala masiku awiri pa negetivu ndikufufuta zonsezo ndi pensulo yanga yosongoka, monga ndimachitira ndi akwatibwi, kadontho kadontho, mpaka khoma lasalala ngati lomangidwa dzulo. Ntchito imeneyi ndi yomwe anthu amandidziwa nayo m'tauni muno.

Mlembi wa mpingo wachiona ndipo wapempha chake. Akuti sankadziwa kuti khoma limenelo lingaoneke chonchi.

Za pensulozi musawawerengere bambo, angayambe zoti ndimanamiza anthu.

Mlongo wanu.


14 Okutobala 1991

Mwetulirani,

Moni. Ine ndili bwino koma bambo sali bwino, ndipo ndikufuna undiyankhe msanga.

Chithunzi chinafika Lachiwiri. Anakhala nacho pawindo, galasi lili m'manja. Manda a amayi sanawayang'ane n'komwe, ndiye zomwe ndinkaganiza zija zinali zanga. Anawerenga mawindo ndi chala, n'kuima chapakati, n'kumayendetsa galasi pamalo amodzimodziwo mpaka tiyi anazizira. Kenako anati, "Achotsa." Anandipatsa chithunzi n'kukalowa kuchipinda.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Akudya masipuni awiri basi. Wailesi sakutsegula. Mankhwala a m'diso akukana, akuti ndisungire ena amene ali ndi choti aone. Ine ndasamalira anthu ambiri otaya mtima, ndimawadziwa, ndipo ndikuchita mantha.

Achotsa chiyani? Kalata yako ndaiwerenganso katatu. Waya wa magetsi sungagoneke munthu ndi njala, zitosi za nkhunda ayi. Chatsala ndi chigamba chako chija. Za pensulo sindinawauze, poti sindikudziwa ngati ndingawachize nazo kapena kuwamaliza. Pita kwa azakhali ukawaonetse chithunzicho. Usatume munthu, upite wekha.

Mlongo wako.


29 Okutobala 1991

Mwana wanga namwino,

Moni wa mwa Ambuye, iwe ndi apongozi anga ndi tiana. Ine miyendo ndiyo ikuvuta, kwina konse ndili bwino. Mlongo wako wabwera kuno ndi chithunzi, nkhope itagwa. Nditachiona ndinamufunsa kuti khomo la amayi athu, agogo anu, walisiya kuti. Sanandimve. Ndiye ndati ndilembe ndekha, chifukwa bambo anu sanakuuzeni kanthu ana inu, ndipo sadzakuuzani.

Kale tchalitchi chimenecho chinali ndi makomo awiri. Lakumaso linali la amishoni ndi mabanja awo ndi azungu a boma. Ife tonse tinkazungulira n'kukalowera kakhomo kam'mbali, kafupi, koti mwamuna wamtali ankachita kuwerama. Lamulo limenelo palibe analilemba, koma aliyense ankalidziwa. Agogo anu analowera pamenepo pobatizidwa, pomanga ukwati, ndiponso atabereka kumbuyo aliyense wa ife asanu ndi awiri.

Chaka chomwe mpingo unadzoza m'busa woyamba wa mtundu wathu, akulu a mpingo anagwirizana kuti kakhomo kamanyazi kaja katsekedwe, aliyense azilowera kumaso. Achimwene, bambo anu, anali mnyamata wamphamvu, wotentha mtima pa nkhani zimenezi, ndipo anadzipereka okha. Anatseka Loweruka limodzi. Anthu anaimba, ena analira ndi chimwemwe, inenso ndinalira nawo.

M'mawa mwake amayi anavala zoyera zawo, n'kuzungulira monga mwa masiku onse, n'kupeza njerwa. Achimwene anawagwira dzanja kuti tiyeni kumaso, lero ndi kwathu. Amayi anati, "Zaka makumi anayi Mulungu wakhala akundipeza pa khomo ili. Lero ndikamufune ku khomo la eni ake? Unandifunsa?"

Sanalowenso. Zaka khumi ndi chimodzi ankabwera ndi kampando kawo n'kukhala panja pafupi ndi njerwa zimenezo, kumamvera ulaliki pawindo, kaya mvula kaya dzuwa. Abusa atatu anayesa kuwanyengerera, onse analephera. Kumaso anadzalowera ali m'bokosi, ndipo wonyamula kutsogolo anali achimwene.

Achimwene sanalakwe, amayinso sanali opusa. Ine ndinasiya kalekale kuweruza mlandu umenewu. Chomwe ndikudziwa n'chakuti bambo anu akaweruka ankadzera kumanda tsiku lililonse, n'kuima pa mpopi paja ngati akusamba m'manja, pomwe manja anasamba kale kuntchito.

Uwauze kuti ine ndati adye. Akakana uwauze kuti ndikwera ndege.

Ndine azakhali ako.


30 Okutobala 1991

Achemwali,

Moni. Kalata ya azakhali ili m'envulopu momwemu, muyambe mwawerenga imeneyo.

Khomo la agogo ndafufuta ndine, ndi dzanja langa, ndipo ndinakulemberani modzitama. Manyazi omwe ndili nawo sindingathe kuwalemba. Negetivu singabwerere, chifukwa ndikamaliza ndi pensulo ndimapakapo vanishi. Tsiku lija ndinajambula kawiri kokha, ndipo inayo inagwedera, ndinataya.

Pali china choposa pamenepa. Mlembi wa mpingo anapita nacho chithunzi changa ku msonkhano wa akulu a mpingo, n'kuchiyendetsa m'manja mwa aliyense. Anachikonda kwambiri, mpaka agwirizana kuti khoma lonselo lipakidwe pulasitala ndi laimu chikondwerero chisanafike, kuti lisalale ngati la m'chithunzi. Mchenga atsitsa kale. Ndiye bodza lomwe ndinanena ndi pensulo, iwo akufuna kulinena ndi simenti.

Ndibwerera pa mpopi kuyambira mawa. Vuto ndi mitambo, yayamba kuunjikana madzulo alionse kolowera dzuwa. Muwauze bambo kuti palibe wachotsa kanthu, khomo lilipo, ndaligwira ndi manja lero. Muwawerengere zonse, ndi za pensulo zomwe. Ngati akufuna kunditukwana anditukwane, bola adye.

Mlongo wanu.


13 Novembala 1991

Mlongo wanga,

Moni, ndilemba mwachidule, ndikuthamangira positi isanatseke.

Ndawawerengera makalata onse, ya azakhali, yako, ndi ya pensulo ija. Pa ya azakhali anatembenukira kukhoma. Pa yako anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. Sakukhulupirira. Akuti namwino ndi wojambula ntchito yawo ndi imodzi, kukometsa zinthu kuti munthu asadandaule, ndiye tagwirizana zowanyengerera kuti adye. Akuti khomo anagumula, njerwa anaika zina, ndipo ife tikuopa kunena.

Kudya ayambako pang'ono, osati chifukwa cha ife koma kuopa ndege ya azakhali. Diso ndilo likupita msanga kuposa momwe dokotala ananenera, ndipo masabata omwe anakana mankhwala aja sanathandize. Pano akuzindikira windo ndi munthu akaima pafupi. Fulumira. Chikhale chakuda kwambiri ndi choyera kwambiri, zotuwa sakuziona.

Mlongo wako.


27 Novembala 1991

Achemwali,

Moni nonse. Chithunzi ndi chimenecho. Sindinachikhudze ndi pensulo ngakhale kadontho. Waya ulipo, zitosi zilipo, mitengo yokwererapo amisiri ilipo, ndipo chakumanzere mbali ya mawindo awiri yapakidwa kale pulasitala. Khomo lili pakati.

Ndakhala ndikupitako madzulo alionse kwa masabata atatu. Situdiyo ndimatseka 4 koloko, maukwati awiri andithawa. Masiku onsewo dzuwa limalowa m'mitambo lisanafike pa denga la sukulu, ine n'kupinda miyendo ya kamera n'kubwerera. Kapitawo wa amisiri anaphunzira ntchito kwa bambo. Nditamufotokozera, m'mawa mwake anthu ake anayambira kumapeto kwenikweni kwa khoma, ndipo chibadwire sindinaonepo amisiri opaka pang'onopang'ono chonchija.

Mlembi wa mpingo sanakondwe. Anandipeza pa mpopi n'kundiuza kuti bambo ake anali mphunzitsi wamtali, wovala suti, ndipo ankawerama pa kakhomo kameneko Lamulungu lililonse ana a sukulu awo akuona. Anandifunsa kuti, "Mukufuna alendo adzaone pomwe bambo anga ankawerama?" Munthuyo sakunama, achemwali.

Lachisanu mvula inagwa masana n'kukata. Abusa, amene ndi aang'ono kwa ine ndipo anabwera chaka chatha chomwechi, anatuluka kudzafunsa chomwe ndimadikira pamanda tsiku lililonse. Ndinawapempha kuti aime pomwepo. Dzuwa linatulukira kunsi kwa mtambo, ndipo khomo linaonekera pakhoma lathunthu, ndi mutu wake wokhota. Bambo analowetsa njerwa zawo mkati pang'ono, ndiye mthunzi umalizungulira m'mbali monse. Zinatenga mphindi zinayi, ine ndinajambula kasanu ndi kamodzi. Abusa anangoti akhala akudutsa pamenepo chaka chonse osaona kanthu.

Aimitsa ntchito pa windo lachitatu. Lamulungu akulu a mpingo anakangana mpaka 3 koloko, ena akuti apake, ena akuti asiye, mpaka mayi wina anati mwini ntchitoyo akadali moyo, bwanji osamufunsa. Ndiye abusa andituma funso kwa bambo: apake pulasitala pakhomopo, kapena asiye momwe lilili? Akuti chomwe anene iwo ndi chomwecho, ndipo mlembi wavomera, ngakhale anavomera akuyang'ana kudenga.

Ndatumiza pa positi yofulumira. Mulungu athandize chifike diso likadalipo.

Mlongo wanu.


12 Disembala 1991

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa mlamu wanga ndi kwa azakhali. Chithunzi chafika dzana, chosapindika.

Chachedwa. Diso linatseka pa 2 Disembala. Anadzuka m'mawa n'kundifunsa chifukwa chomwe sindinatsegulire makatani, makataniwo ali otsegula. Usadziwonjezere mlandu pa womwe uli nawo kale, mitambo sunaipange ndiwe.

Ndinawauza kuti chafika, ndipo khomo likuoneka bwinobwino ndi mthunzi wake. Anati ndikananena zomwezo ngakhale pepalalo likanakhala loyera. Kenako anati ngati lilipodi, ndiwerenge mizere ya njerwa kuyambira pansi mpaka pamutu. Ndinatenga galasi lawo ndi singano yolozera. Ndinawerenga kawiri n'kuwauza kuti ilipo 26.

Anapukusa mutu, mpaka ndinaganiza kuti ndaononga zonse. Kenako anati, "Ilipo 27. Umodzi uli kunsi kwa udzu. Ukanati 27 ndikanadziwa kuti wina wakuuza."

Anati ndiike chala chawo pamenepo, ndinaika. Analira, mlongo wanga, bambo omwe aja, osabisa nkhope, ndipo inenso ndinalira. Atatha anapempha chakudya n'kumaliza mbale yonse.

Funso la abusa ndawafunsa m'mawa uno. Ndatumizanso yankho pa telegalamu kuti lifike chikondwerero chisanachitike, koma pano ndikulemba lonse monga ananenera:

"Asapake, komanso asasiye. Loweruka lija simenti kunalibe, ndiye ndinamanga ndi matope kuti ndidzabwereze Lolemba. Amayi atalankhula, sindinabwereze. Kutsegula sindinatsegulenso, ndinkaopa kuti anthu anena chiyani. Ndinawaonerera ali panja zaka khumi ndi chimodzi, pomwe ntchito yake ndi ya munthu mmodzi ndi tchizulo, kuyamba m'mawa kumaliza 12 koloko isanakwane. Atsegule. Wofuna kulowera kumaso alowere kumaso. Ayambire pamwamba, ndipo asaswe njerwa, n'zabwino."

Uthengawu upite nawo wekha kwa abusa ndi kwa mlembi. Akutinso tsiku logumulalo ukakhalepo m'malo mwawo, kamera uisiye kunyumba, uzikalandira njerwa.

Ndine mlongo wako.